Usiku umene bandulo yanga inathera pa Sakuraba

Amalume anga ndiwo anandiphera wrestling, ndili Sitandade 6. Tsiku limenelo ine ndi msuweni wanga tinali titangochoka kuvidiyo shoo, zovala zikununkha utsi wa jenereta, tikukangana mokuwa za Undertaker, mmene anadzukira atamenyedwa ndi mpando wachitsulo pamutu. Iwo anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mphwanga," anatero, "unaionapo ndewu yeniyeni iwe? Pita kumowa Loweruka ukaone. Anthu akagwirana, mphindi ziwiri sizikwana, wina mano ali pansi. Izo mukuonerazo n'zisudzo. Amapangana kuchipinda kuti lero ugwe ndiwe."

Ndinatsutsa mpaka misozi, koma mumtima ndinadziwa kuti mkulu uja wanena zoona. Kuchokera pamenepo ndinkapitabe kuvidiyo, koma mobisa, ngati munthu wokagula kachasu.

Choyankha ndinachipeza ndili wamkulu kale, mwangozi, usiku wina magetsi atazima ndikungoseweretsa foni pa YouTube. Anali kanema wakale, zithunzi zake zosaoneka bwino, wa ndewu ina ya ku Tokyo ya m'chaka cha 2000. Ndinati ndingoonako pang'ono. Bandulo inathera mu raundi yachinayi, ndinagula ina, ndipo pamene ndinkagona n'kuti atambala oyamba atalira. Dzina la munthu amene anandigoneka mochedwa usiku umenewo ndi Kazushi Sakuraba.

Kuti mumvetse chifukwa chimene anthu a ku Japan amamukondera ngati mwana wobadwa yekha, muyenera kudziwa kaye manyazi amene anawagwera iye asanatchuke. Kumeneko wrestling sinali ya ana ayi. Antonio Inoki, amene anayambitsa New Japan Pro-Wrestling, anatha zaka akulalikira kuti mwa masewero onse omenyana, wrestling ndiyo yamphamvu koposa, mpaka mu Juni 1976 anakumana ndi Muhammad Ali ku Tokyo. Ndewu yake inali yogwetsa ulesi: maraundi 15, Inoki atagona chagada akumenya Ali mateche m'miyendo, mapeto ake palibe wopambana. Komabe chikhulupiriro chija chinamera mizu. M'zaka za m'ma 1980 ena mwa anyamata a Inoki anapatuka n'kuyambitsa UWF, wrestling yopanda zodumpha kuchokera pazingwe, ya mateche opweteka ndi kupotokolana mikono, yooneka ngati ndewu yeniyeni ngakhale kuti wopambana ankadziwika kale. Ambiri ogula matikiti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuonera zenizeni.

Sakuraba anabadwa mu 1969 ku Akita, kumpoto kwa dzikolo. Ali mwana ankapenga ndi Tiger Mask, wa chigoba cha nyalugwe, monga mmene ife tinkapengera ndi Undertaker. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anakaphunzira zogwetsana zenizeni, za mpikisano wa m'sukulu, kusekondale mpaka ku Chuo University. Kenako mu 1992 analowa UWF International, kampani imene mfumu yake inali Nobuhiko Takada, ndipo anayamba kuonekera m'bwalo mu 1993. Mwambo wa m'nyumba za wrestling za kumeneko ndi wakuti wobwera kumene amasesa, amachapa ndi kuphikira akuluakulu, ndipo akalowa m'bwalo ntchito yake ndi kugonja m'ndewu zotsegulira, anthu akufunafunabe mipando yawo. Ndi mmene zinalili ndi Sakuraba. Koma kuseri, kumalo ophunzirira, anyamatawo ankagwirana zenizeni tsiku ndi tsiku, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi awo anali Billy Robinson, Mngelezi amene anaphunzirira luso lopotokola mfundo za thupi ku Wigan.

Kenako kunabwera a Gracie. Banja la ku Brazil limeneli linali ndi jiu-jitsu yawo, luso logwetsana ndi kupanana pansi, ndipo mu Novembala 1993 Royce Gracie, munthu wochepa thupi atavala jekete loyera la judo, anagonjetsa amuna atatu usiku umodzi pa UFC yoyamba, mpikisano wa ndewu zenizeni, ku Denver m'dziko la America. Dziko lonse la omenyana linati kakasi. A UWF International anaona kuti pano pali ndalama komanso mbiri, ndiye anayamba kutokosa Rickson Gracie, mkulu wake wa Royce, amene ankati ndiye woopsa kwambiri m'banjamo. Mu Disembala 1994 mmodzi wa iwo, Yoji Anjo, anakwera ndege mpaka ku Los Angeles, atolankhani ali pambuyo, kukamuputa Rickson pasukulu yake. Anatulukamo nkhope itatupa, magazi ali chuchuchu, makamera akudikira pakhomo. Mutu ukakula sulewa nkhonya: anthu anati Takada mwini wake akabweze. Kampani ija inatha mu 1996, koma ngongole ya manyaziyo inatsala. Pa 11 Okutobala 1997, ku Tokyo Dome, pa mpikisano woyamba wa PRIDE, wa ndewu zenizeni, umene anaukhazikitsira ndewu imeneyi, Rickson anagwetsa Takada, n'kumukwera pachifuwa, n'kumuwongola mkono. Mphindi zisanu sizinakwane.

Amalume anga akanakhala mu Tokyo Dome usiku umenewo akanangoti, "Si ndinanena?"

Patangopita miyezi iwiri, UFC inabwera ku Yokohama ndi mpikisano wa anthu olemera kwambiri. Mnzake wa Sakuraba, Hiromitsu Kanehara, anavulala, ndiye anati iwe lowa m'malo. Munthu wa makilogalamu pafupifupi 83 anakamuika ndi Marcus Silveira, chimphona cha jiu-jitsu cha ku Brazil cholemera kuposa 100. Silveira ataponya zibakera zingapo, Sakuraba anagwada kuti amugwire mwendo, koma refa John McCarthy anayesa wakomoka n'kuimitsa ndewu. Sakuraba anakana kutuluka m'bwalomo. Atabwereza kanema anaona kuti refa walakwitsa, ndipo poti Tank Abbott, amene anayenera kumenya ndewu yomaliza, anali atavulala dzanja, anati awiriwa abwerezenso, wopambana atenge chikho. Ulendo uno Sakuraba anamuwongola mkono Silveira mpaka anagonja. Atapatsidwa maikolofoni ananena mawu amene mpaka lero okonda wrestling ku Japan amawaloweza: akatswiri a wrestling, zoona zake, ndi amphamvu ndithu.

Sananene kuti wrestling ndi yeniyeni. Ananena za anthu ake. Apa m'pamene pali yankho limene ndinkalisowa pakhonde paja. Amalume sanalakwe ponena kuti amapangana. Analakwa poganiza kuti munthu wodziwa kugwa mopangana ndiye kuti sadziwa kugwetsa mnzake osapangana.

Ku PRIDE anayamba kuwadya mmodzimmodzi: Vernon White, Carlos Newton, Vitor Belfort, Ebenezer Fontes Braga. Koma chimene chinandigwira ine poonera makanema amenewa ndi kamenyedwe kake. Anthu a jiu-jitsu masiku amenewo akapanikizika ankagona chagada n'kuimika miyendo, kudikira kuti ulowe pakati pa miyendoyo akumange. Aliyense ankaopa msampha umenewo. Sakuraba ankangoima potero n'kumawaswa mateche m'ntchafu mpaka zifiire, kenako n'kuwadumpha pamwamba ngati mwana wodumpha ngalande, kapena kupidiguka ndi manja kuti akagwere kumutu kwawo. Ankamenya ndi manja onse awiri nthawi imodzi m'mbali mwa khosi, chinthu cha mu wrestling chimene aliyense ankati sichingagwire ntchito pa ndewu. Anthu ankaseka. Mdaniyo nayenso ankadabwa, ndipo m'kudabwamo mkono unkapita. Chodabwitsa kwambiri, ankalola dala kuti munthu amugwire chakumbuyo, malo amene mphunzitsi aliyense amati usamupatse mdani, chifukwa akatero manja a mdaniyo amakhala pamimba pake, pafupi, pongofunika kuwatola.

Kagwiridwe kamene ankatola nako manjawo kali ndi mbiri yake. Umagwira mdani pamfundo ya dzanja, n'kupisa mkono wako wina kuseri kwa chigongono chake n'kudzigwira wekha, kenako n'kupotoza mkono wakewo chakumsana. Phewa kapena chigongono, chimodzi chimayenera kulola. A jiu-jitsu amakatcha kimura, dzina la Masahiko Kimura, katswiri wa judo wa ku Japan amene mu 1951 anathyola nako mkono wa Hélio Gracie, bambo wa Rickson ndi Royce, ku Maracanã mu Rio de Janeiro. Kimura ameneyo nayenso anachitapo wrestling. Ngakhale Mitsuyo Maeda, amene anaphunzitsa Carlos Gracie ku Belém, ankayendayenda m'maiko akumenya ndewu za ndalama pamaso pa anthu. Ndiye mpanda wa pakati pa zisudzo ndi zenizeni unali wobowoka kuyambira kale.

Mu Novembala 1999 Sakuraba anakumana ndi Royler Gracie, m'bale wake wa Royce, wochepa thupi kuposa Sakurabayo. Anamuswa ntchafu kwa nthawi yaitali, kenako chakumapeto anamugwira kimura yemweyo. Royler sanagonje, koma mkono unapindika moti refa anaimitsa ndewu. A Gracie anakwiya. Anati munthu wathu sanamenye pansi, mwamulanda. Kunena chilungamo, madandaulo awo anali ndi mutu, chifukwa nthawi inali itatsala pang'ono kutha. Ndiye pamene Royce ankabwera kudzalipsira pa 1 Meyi 2000, banjalo linabwera ndi malamulo akeake: maraundi a mphindi 15, opanda malire, refa alibe mphamvu yoimitsa, ndewu ithe pokhapokha wina akomoke, agonje yekha, kapena anthu ake aponye thaulo. Sakuraba atamva anati palibe vuto, abwera atavala thewera.

Ameneyu ndiye kanema amene anandidyera bandulo.

Amayamba ndi a Gracie akulowa mu Tokyo Dome atandondozana, aliyense manja pamapewa a mnzake, nkhope zili ndwii, nkhalamba Hélio ali pomwepo. Kenako nyimbo ikusintha, ndipo kukutuluka amuna atatu ovala zigoba zofanana za Super Strong Machine, wa wrestling wa m'ma 1980. Palibe akudziwa kuti Sakuraba ndi uti mpaka mmodzi atavula. Anthu akukuwa ngati agoletsa chigoli. Apa n'kuti munthu akupita kukamenyana ndi amene anapambana UFC katatu, pa ndewu yopanda belu lomaliza.

Ndikuuzeni zoona, mphindi 90 zimenezo si zonse zokoma. Pali nthawi zazitali zimene angokanirirana pakona, thukuta lili kamukamu, palibe chikuchitika. Koma mukapirira mumaona zinthu. Royce wamugwira chakumbuyo, mutu wa Sakuraba watulukira kunja kwa zingwe, iye wagwira mkono uja mwa kimura, ndipo akuyang'ana kamera n'kumwetulira. Raundi yoyamba ikutha iye atagwira bondo la Royce, belu n'kumupulumutsa. Jekete loyera lija, limene kwa zaka linali chida cha a Gracie chokolera anthu pakhosi, iye analisandutsa goli: akulikokera kumutu kuti Royce asaone, akumangira nalo mkono, pena akukoka lamba ngati akufuna kumuvula buluku pamaso pa bambo ake. Ndinaseka ndekha mumdima mpaka mayi a kunyumba anadzuka n'kufunsa ngati ndayamba misala.

Nthabwalazo zinali ndi ntchito. A Gracie ankapambana chifukwa mdani ankatopa ndi mantha asanatope ndi ndewu. Uyu analibe mantha oti amutopetse. Malamulo opanda malire amene anabweretsa kuti amufoole anawatembenukira okha. Pofika raundi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, Sakuraba anali akungodula miyendo ndi mateche, Royce akugwa, akudzuka motsimphina, akugwanso. Belu la raundi ya 7 lisanalire, Rorion Gracie, mkulu wawo, anaponya thaulo.

Ndipo usiku unali usanathe, chifukwa umenewu unali mpikisano wochotsana. Atapuma pang'ono Sakuraba anabwereranso kudzakumana ndi Igor Vovchanchyn wa ku Ukraine, munthu wa zibakera ngati nyundo, womuposa kulemera kutalitali. Analimbana naye mphindi 15 zina, mpaka anthu ake anaona kuti zakwana n'kuponya thaulo. Mphindi 105 usiku umodzi.

Mu Ogasiti chaka chomwecho kunabwera Renzo Gracie, ndipo kwa ine iyi ndiye ndewu yokongola kuposa zonse. Zinali zofanana mpaka masekondi omaliza a raundi yachiwiri, pamene Renzo anamuzungulira kumbuyo. Msampha uja. Sakuraba anatola mkono, anazungulira nawo, onse anagwa, ndipo chigongono cha Renzo chinaguluka. Mukaonetsetsa kanemayo mumaona mkono utaloza kolakwika, mwini wake ali phee, osamenya pansi. Refa ndiye anaimitsa. Renzo anatenga maikolofoni, mkono uli lende, n'kuyamikira amene wamuthyolayo. Mu Disembala Sakuraba anagonjetsanso Ryan Gracie, amene pena anamumenya mbama m'matako ngati mwana wakuba shuga. A Gracie anayi m'miyezi 13. Dzina lakuti Gracie Hunter, mlenje wa a Gracie, linakhazikika.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera apa. Koma ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, ndipo oimba ake sanafune kuipumitsa.

Panthawiyo PRIDE inalibe gulu la anthu a thupi ngati lake. Gulu lotsika linkafika makilogalamu 93, ndipo amene ankamenya m'gululo ankachita kudzifinya kuti afike pamenepo, pomwe Sakuraba ankachita kudzikhutitsa. Mu Malichi 2001 malamulo anasinthanso, kulola maondo ndi mateche kumutu kwa munthu amene wagwada pansi, ndipo kugwada kuti agwire mwendo ndiye kunali kudya kwake. Usiku woyamba wa malamulo amenewo anamupatsa Wanderlei Silva. Mphindi ziwiri sizinakwane, nkhope inali magazi okhaokha. Mu Novembala anabwerezanso, Silva anamunyamula n'kumufwatika pansi, fupa la paphewa n'kuvulala. Mu Ogasiti 2002 anamupatsa Mirko Cro Cop, wa gulu la olemera kwambiri, ndipo fupa la m'mphepete mwa diso linathyoka. Mu 2003 Silva kachitatu, anakomoka ndi chibakera. Pakatipakati ankapambanabe zodabwitsa, monga kukola pakhosi Quinton Jackson amene ankamunyamula ngati thumba la chimanga, kapena kuwongola mkono wa Kevin Randleman. Kupambana kumeneko ndiye kunkapatsa eni mpikisano chifukwa chomuponyeranso m'moto.

Ndewu yake ndi Ricardo Arona ya mu Juni 2005 ndinaionera kamodzi, sindidzaioneranso. Maondo kumutu mpaka nkhope inatupa yosazindikirika. Chaka chotsatira, atasamukira ku Hero's, mpikisano wina wa ndewu wa ku Japan, Kestutis Smirnovas anamumenya mpaka kuoneka kuti wakomoka, refa osaimitsa, n'kungomukokera pakati kuti apitirize. Anadzapambana ndewuyo pogwira mkono, anthu n'kuimba m'manja. Ine pamenepo sindiona ngwazi, ndimaona refa amene akuopa kukhumudwitsa ogula matikiti. Ndipo ogula matikitiwo ndife, ngakhale ife oonera pa foni patapita zaka. Tinamukonda chifukwa sankakana ndewu, ndiye palibe amene anafuna kumukanira. Iyenso sanadzithandize: zoti ankasuta fodya ndi kumwa mowa sankabisa, ndipo ankalowa m'bwalo maondo atakulungidwa mabandeji ngati munthu wothawa kuchipatala.

Zina zinali zopanda chilungamo poyera. Pa 31 Disembala 2006, ku Osaka, anakuwira refa kuti Yoshihiro Akiyama akuterera, sakugwirika, koma refa sanamve ndipo anamenyedwa mpaka ndewu kuimitsidwa. Patapita masiku zinadziwika kuti Akiyama anadzola mafuta, zotsatirazo n'kufafanizidwa. Mu Juni 2007 Royce anamugonjetsa pa mapointi ku Los Angeles, kenako n'kupezeka ndi mankhwala oletsedwa a nandrolone m'thupi. Pa 31 Disembala 2010, pomenyana ndi Marius Zaromskis, khutu lake linang'ambika n'kutsala lende. Ndewu zake zisanu zomaliza anagonja zonse, yotsiriza mu Disembala 2015, ali ndi zaka 46, Shinya Aoki atamukwera n'kumamusinja mpaka thaulo linagwa. Mabuku amati anapambana 26, anagonja 17, yofanana imodzi, ziwiri zosawerengedwa. Wongoona manambalawo angati anali munthu wamba.

Chimene chimanditonthoza n'chakuti anabwerera kwawo. Mu 2012 analowanso New Japan Pro-Wrestling limodzi ndi Katsuyori Shibata, ndipo pa 4 Januwale 2013 anakumana ndi Shinsuke Nakamura ku Tokyo Dome, uja ambiri mumamudziwa wa ku WWE. Inali yopangana, inde, koma ioneni. Chaka chotsatira, m'bwalo lomwelo, anachita wrestling ndi Daniel ndi Rolles Gracie: a Gracie enieni, akuchita zisudzo, pa bwalo la Sakuraba. Mu 2017 UFC inamuika m'gulu la akatswiri ake olemekezeka. Mu 2018 anayambitsa Quintet, mpikisano wa matimu a anthu asanu, wogwirana ndi kupotokolana kokha, wopanda chibakera ngakhale chimodzi. Munthu amene mutu wake unalandira maondo a Silva ndi Arona anakonza mpikisano umene palibe womenyedwa kumutu. Mu 2020, ali ndi zaka 51, anatenga malamba a awiriawiri a Pro Wrestling Noah ndi Takashi Sugiura. Mwana wake Taisei naye analowa ndewu zenizeni ku Rizin, mpikisano wa ku Japan komweko, kumapeto kwa 2024, ndipo ndinapezeka ndikudandaula ngati ndine wachibale.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinapita kumudzi nditasunga makanema atatu m'foni. Amalume akalamba tsopano, maso akuvuta, njinga anasiyira adzukulu. Ndinakhala nawo pamkeka n'kuwaonetsa ya Renzo, ndikufotokoza kuti uyu wa kabudula wa olenjiyu ndi wa wrestling, wa zisudzo zija. Anaigwira foniyo pafupi ndi mphuno. Chigongono chitaguluka anati "Ii!" n'kubweza mutu, kenako anandiuza kuti ndibwezere pambuyo. Anaonera katatu.

"Ameneyu ndi wa zopangana zija?"

"Eya, amalume. Anayambira kumeneko, ndipo anabwerera komweko."

Anakhala chete, akusisita chigongono chawo. Ndinayesa kuti tsopano avomera, patatha zaka zonsezi. M'malo mwake analoza Renzo ndi chala.

"Nanga uyu wathyoka mkonoyu, anamulipira zingati?"

Ndisanayankhe, azakhali anaitana kuti nsima ikuzizira, ndipo amalume anaika foni yanga m'thumba la malaya awo n'kunyamuka nayo.